Chikhakha cha Kudzai

"Ikani sowoyo pansi, bambo a Kudzai."

Kenson anaima pakhomo, sowo yake yodulira nthambi ili m'manja. Anayang'ana mkazi wake Fainess, n'kuyang'ananso mchemwali wake wamkulu, a Maggie, ngati munthu wosowa kolowera. Pabedi panagona mwana wawo Kudzai, mtsikana wa zaka zitatu, miyendo itatangadza ngati chule. Chikhakha chinayambira pachifuwa n'kutsika mpaka m'kakolo mwa mwendo wamanzere, umene unathyoka fupa la ntchafu. Mwendo winawo chinaulekezera pabondo. Pakati pa miyendo iwiriyo madokotala anapingasapo ndodo, n'kuimata ndi pulasitala kuti miyendo isasunthe. Ndodo imeneyo ndiyo inali pamlandu m'mawa umenewo.

A Maggie anali atafotokoza kale nzeru yawo kawiri, ndipo anaifotokozanso kachitatu. Iwo analera ana asanu kwawo ku Mulanje, onse pamsana, kukwera nawo zitunda za m'minda ya tiyi, ndipo palibe ndi mmodzi yemwe anapunduka. Mwana uyu miyendo yake inali yotangadza kale, ngati kuti madokotala anachita kumukonzeratu kuti aberekedwe. Chotchinga chinali kandodo kokha. Kenson adule uku ndi uku, mwana aberekedwe ndi chitenje mpaka kuchipatala, kumeneko akamatenso.

"Simenti yonseyi ingagwiridwe ndi kandodo aka? Inu alamu mumaopa ndi chithunzithunzi chanu chomwe."

"Alamu, pa ana anu asanu aja panali wothyoka ntchafu?"

"Sanathyoke chifukwa ankakhala pamsana."

"Ndiye uyu wathyoka. Sowoyo ikangokhudza ndodo, ine ndidulako kena kake pa mwini sowoyo."

Kenson anaika sowo pansi pa bedi, n'kuikankhira kutali ndi phazi.

Panali patatha milungu iwiri chigwereni Kudzai pa masitepe a matayala otsikira kunyumba kwawo ku Cato Manor, mumzinda wa Durban. Sabata yoyamba zonse zinayenda bwino. Mwana ankadya, ankaimba, ankalamula anthu ali chigonere ngati bwana. Koma kwa masiku anayi tsopano ankalira akamugoneka chagada, akulozera kumsana, ndipo m'chikhakhamo munayamba kutuluka fungo losakhala bwino. Fainess ankakumbukira mawu a Sisitala Lena, namwino wa kuwodi ya ana, tsiku lotuluka m'chipatala. Ndodo si chogwirira. Chikhakha chisanyowe. M'kati musalowe kanthu. Ndipo fungo likamveka, ndiye kuti pansi pake payamba chilonda. Chilonda chikakula, chikhakha chonse amachiphwasula, mwana amamugonekanso ndi mankhwala, ndipo milungu isanu ndi umodzi yokhala m'chikhakha amayambiranso pa woyamba.

Dokotala wa mafupa a ana ankaona odwala Lachitatu lokha, ndipo ikakwana leveni koloko ankalowa m'chipinda cha opaleshoni. Tsikuli linali Lachitatu. Madamu amene Fainess ankawachapira ndi kuwasitira ku Durban North anamupatsa tsiku limodzi, n'kumukumbutsa kawiri kuti ndi limodzi. Kenson nayenso anapempha kunyumba imene ankasamalira maluwa. Potuluka m'chipatala anawabweretsa pa galimoto yachipatala, koma ulendo wokaonetsa mwana aliyense amadzionera yekha.

Ndiye Kenson anatchula wilibala. Anaitchula motsitsa mawu, akuyang'ana kukhoma. Wilibalayo, imene ankagwirira maganyu Loweruka, inali kuseri kwa nyumba.

Fainess anakana. Anati ku Cato Manor wilibala imanyamula zinthu zitatu, mchenga, zigubu za madzi ndi zidakwa, ndipo mwana wake sanali chimodzi mwa zimenezo. Anati ana a ku Durban North akathyoka amawagulira mpando wotambalala wa m'galimoto, anauonapo ndi maso ake kwa mnzawo wa madamu, wofewa ngati buledi wa m'mawa. Nanga wake ayende ngati manyowa chifukwa chiyani, fupa lake ndi la mtengo? A Maggie anati kamodzi kokha pa moyo wawo akugwirizana ndi mlamu wawo.

"Ndikufuna galimoto ya adadi," anatero Kudzai ali pabedi.

Mlandu unathera pomwepo.

Kenson anaitsuka wilibalayo ndi sopo kawiri, n'kuipukuta ndi shati yake yakale. Popeza miyendo ya mwana inali yotambalala kuposa wilibala, anapingasa thabwa kutsogolo n'kulimanga ndi waya. Fainess anayala bulangeti lopindidwa kanayi, mapilo awiri kumutu kuti chifuwa chikwere pang'ono, ndi kapilo kena pansi pa katumba kuti chidendene chisakhudze thabwa. Anachita zonsezi akung'ung'udza, koma anazichita bwino. Pomunyamula anagwira awiri monga anawaphunzitsira kuchipatala. Kenson anaika dzanja lina kumapewa, lina pansi pa matako, Fainess n'kuchirikiza miyendo yonse ndi mikono, popanda wokhudza ndodo. Pakhomo anachita kumupendeketsa cham'mbali ngati tebulo, chifukwa khomo linali lopapatiza. Atamukhazika, a Maggie anatenga chitenje chimene anakonza kuti aberekere mwana, anachizunguliza pamimba pa chikhakha ndi pansi pa wilibala, n'kumanga mfundo yolimba.

"Mwaona? Waberekedwa basi," anatero. "Wangosintha msana."

Masitepe a matayala aja anawalambalala, n'kutsata kanjira kokhotakhota pakati pa nyumba za malata. Kenson ankakankha pang'onopang'ono. Pa ngalande iliyonse akazi awiriwo ankanyamula kutsogolo, wilibala n'kuwoloka osagwedezeka. Kudzai ankabayibitsa aliyense, ngakhale agalu. Cholinga chinali kufika pamsewu waukulu, kukwera takisi, a Maggie n'kubwerera ndi wilibala kunyumba.

Takisi ziwiri zoyamba zinachepetsa liwiro, madalaivala n'kusuzumira m'wilibala, n'kupitirira. Yachitatu inaima. Dalaivala wake anali bambo wonenepa, wansangala, wovala chipewa chachikopa. Anatsika, anapereka moni m'Chizulu, n'kufunsa kuti kamfumukazi aka kanatani. Kenson anayankha ndi Chizulu chake cha panjira, chimene kwa zaka zisanu ndi chimodzi sichinapite patali kuposa "yebo, baba". Banja ili linali ndi lamulo losalembedwa ngati la anzawo ambiri, lakuti Chichewa chimathera pakhomo. Pamsewu, m'takisi, pamzere wa m'sitolo, munthu umatseka pakamwa kapena kulankhula cha eni dziko, poopa kuti wina angakuitane dzina lija amaitanira alendo akuda okhaokha.

Dalaivala anati asavutike, iye awathandiza. A Maggie asanamalize kumasula mfundo, bamboyo anawerama n'kugwira ndodo ija ndi dzanja limodzi, monga agwirira chikwama, kuti anyamule.

Dzanja la Fainess linatera pa dzanja lake kuti phaa.

"Siyani mwana wanga! Mukuona ngati ndi basiketi?"

Anakuwa m'Chichewa, Chichewa chake cha ku Kadoma, ku Zimbabwe, kumene anabadwira, mdzukulu wa anthu a ku Dedza amene anapita kumigodi kalekale. Mawuwo anamveka mpaka mpando wakumbuyo. Mayi wina anafungatira chikwama chake. Bambo wina wa pawindo anatchula dzina lija chapansipansi.

Fainess sanabwerere m'mbuyo. Anatembenukira m'Chizulu, chimene ankachidziwa kuposa mwamuna wake, n'kufotokozera takisi yonse kuti ndodoyo ikathyoka, fupa la mwana lipola mokhota. Anati mwanayu sangakhale pansi, sangapindike m'chiuno, ndipo akufunika mpando wonse wakumbuyo kuti agone, makolo ake atamuchirikiza. Anapempha akumbuyo kuti asunthire pa mipando imene inali yopanda anthu. Palibe anasuntha. Aliyense anapeza chinthu chofunika kwambiri pa foni yake.

Dalaivala, akusisita dzanja, anaperekanso nzeru ina. Mayi akhale pafupi ndi chitseko, mwana akhale pamiyendo pawo, ndipo ngati mwendo wautaliwo sukulowa, chitseko achisiye chotsegula pang'ono. Ulendo wake ndi waufupi. Fainess anayang'ana chitsekocho, n'kuyang'ananso mmene magalimoto ankapanikizirana pamsewupo.

"Ngeke," anatero. Ndiko kuti sizingatheke, ngakhale kumwamba kugwe.

Dalaivala anaseka mpaka mimba inagwedezeka. Anati mayiyu amamenya ngati mkazi wake, ndipo akumumvera chisoni mwamunayu. Anapatsa Kudzai siwiti, n'kunyamuka.

"Alamu, mwatigulitsa," a Maggie ananong'ona akumanganso mfundo. "Anthu onse aja adziwa kuti ndife a kuti."

"Adziwe. Kodi fupa la mwana wa ku Malawi limathyoka mosiyana ndi la kuno?"

Nthawi inali itapitirira naini koloko. Chipatala chinali kuseri kwa zitunda ziwiri, ulendo wa ola limodzi ndi pang'ono kwa munthu woyenda manja ali m'thumba. Kenson anayang'ana msewu, anayang'ana tayala la wilibala, n'kulavulira m'manja.

"Khotekhote ngwa njira," anatero, "palinga mtima m'pomwepo. Achemwali, mubwerera?"

A Maggie anati abwerera tsiku limene adzaone mlamu wawo atatseka pakamwa kwa ola lathunthu.

Ali pa chitunda choyamba kunayamba kuwaza kamvula kaja ka ku Durban kobwera kopanda moni. A Maggie anati kakufanana ndi chiperoni cha kwawo, koma Fainess analibe nthawi ya chiperoni. Chikhakha chikanyowa chimafewa ngati mbatata yophika. Anatulutsa m'chikwama jumbo lalikulu lakuda, la zinyalala koma latsopano, n'kuphimba chikhakha kuyambira pachifuwa mpaka kuphazi, pamwamba pake n'kufunditsa chitenje china. Kumaso anasiya poyera, iye mwini n'kugwirira ambulera pamenepo. Mapilo anali atamupendeketsa mwana mwakuti msana sunkapanikizika, ndipo posakhalitsa anagona tulo, siwiti ili m'manja.

A Maggie anali ndi chizolowezi chimodzi. Akamakwera chitunda ankaimba, kuti mpweya uzibwera bwino. Ndipo nyimbo zimene ankadziwa zinali za ku Mvano, zokoka, zoyenda pang'onopang'ono. Anayamba chapansipansi, kenako anaiwala kuti ali pamsewu. Choncho anthu a m'mbali mwa msewu anaona bambo akukankha wilibala mwaulemu, nkhope ili gwa. M'wilibalamo munali kanthu kakang'ono kouma, kofunditsidwa. Mayi anali ataweramira pamenepo, ndipo pambuyo pankabwera mayi wachikulire akuimba nyimbo yoswa mtima.

Amuna omata matayala anavula zipewa. Mayi wogulitsa mandasi anagwira pakamwa. Bambo wina wogulitsa nthochi, atamva mawu a nyimboyo, nayenso anaiwala lamulo lija la pamsewu. Anasiya tebulo lake n'kuthamangira kwa Kenson, manja ali kumbuyo.

"Pepani, achimwene, pepani kwambiri. Zachitika liti? Bwanji osatiuza a kwanu, mpaka kunyamula nokha chonchi?"

Kenson asanamvetse funsolo, pansi pa ambulera panadzuka mutu.

"Pipiii. Chokani panjira, galimoto ikudutsa."

Bamboyo analumpha cham'mbuyo mpaka phazi linalowa m'ngalande. Omata matayala anabwezera zipewa kumutu akuseka, mmodzi akumenya mnzake paphewa. Fainess anaseka mpaka ambulera inagwedezeka, kuseka kwake koyamba tsiku limenelo. A Maggie okha ndiwo anakwiya. Anati anthu a masiku ano sasiyanitsa nyimbo ya maliro ndi nyimbo ya pachitunda. Bambo wa nthochi, manyazi atamuchoka, anaika nthochi zingapo kumapazi kwa mwana, nati kwawo ndi ku Thyolo, ndipo anakankhako wilibala mpaka pamwamba kuti Kenson apume. Potsika anachita kubwerera cham'mbuyo, Kenson ali kunsi, kuti mwana asatsetserekere kutsogolo.

Anafika pageti la chipatala nthawi ili hafu pasiti teni. Mlonda anatambasula dzanja. Anati mawilibala amalowera kuseri, pageti la omanga, kuzungulira mpanda wonse. Fainess anamuuza m'Chizulu kuti muli wodwala. Mlonda anati wodwala amalowa ndi miyendo yake, pa njinga ya olumala, kapena pa ambulansi. Wilibala mulibe m'malamulo amene anamupatsa. Anakoka njinga ya olumala imene inali pamenepo. Fainess anamufunsa m'Chingerezi kuti mwana wosapindika m'chiuno akhalapo bwanji. Anapitiriza kunena kuti malamulowo anawalembera anthu obwera pa magalimoto awo, ndipo amene anawalemba sanakankhepo mwana zitunda ziwiri pamvula. Anali atayamba kupinda mikono ya juzi, Kenson akumugwira chigongono, pamene Kudzai anatambasula dzanja litagwira nthochi.

"Sawubona, malume," anapereka moni m'Chizulu.

Mlonda anayang'ana nthochi, anayang'ana chikhakha, n'kuyang'ana uku ndi uku.

"Abwana akandifunsa," anatero akutsegula geti, "ndinena kuti inali ambulansi."

Sisitala Lena, mayi wamtali wa ku Sydenham wa magalasi olendewera pachingwe, anaseka ataona wilibala pakhomo la wodi. Koma atayendetsa dzanja pa mapilo, pa thabwa ndi pa mfundo ya chitenje, anagwedeza mutu movomereza. Anatsina zala zakuphazi za Kudzai. Zinali zofunda, magazi akubwerera msanga. Kenako ananunkhiza m'mphepete mwa chikhakha, ndipo kuseka kunatha. Anamugoneka chafufumimba, anaunika ndi tochi chakumsana, n'kulowetsa chopanira chachitali mosamala. Kudzai analira. Chopanira chinatuluka ndi kachingwe. Kachingwe kanapitiriza kutuluka, ndipo pamapeto pake m'mbale yachitsulo munagwera mkuzi wa mikanda yofiira ndi yoyera, uja ana aang'ono amavala m'chiuno.

Fainess anauzindikira. Anautumiza ndi apongozi ake kuchokera ku Mulanje Kudzai atangobadwa, ndipo anamwino anaudula tsiku loika chikhakha. Iye ankaganiza kuti unatayidwa.

A Maggie anayang'ana pansi. Anati iwo ndi amene anautola. Mwana wopanda mkuzi chiuno sichilimba, ndiye fupa likanalumikizana bwanji? Anayesa kuumanga kunja kwa chikhakha, koma mkuzi wosakhudza khungu ndi chingwe chabe. Choncho tsiku lina, Fainess ali kuntchito, anaukankhira m'kati ndi mpini wa supuni.

Fainess anaimirira. Mawu anatuluka ngati madzi a paipi yophulika. Anati m'mawa inali sowo, pano ndi supuni, nanga mawa lidzakhala khasu? Anati kuyambira lero a Maggie asadzakhudzenso mwana wake, ndipo ngati palibe wina womusiyira, ntchito ya ku Durban North ithe, madamu azichapa okha. Kenson anayesa kunena kuti achemwali anachita mwachikondi, koma anauzidwa kuti chikondi chotere achisunge m'thumba.

Sisitala Lena sankamva Chichewa, ndipo sanafune womasulira. Ankapitiriza ntchito yake. Analowetsanso chopanira chitagwira thonje, n'kutulutsa zinthu zoyera, zonyowa, zomata, zonunkha maluwa ndi thukuta pamodzi. Anazikweza m'mwamba kuti onse aone.

"Mwini mikanda ndamuona," anatero m'Chingerezi. "Nanga phala ili waphika ndani?"

Kenson anayang'ana kudenga, chifukwa iye ankakadziwa kachitini ka paudala wa ana kamene kankakhala kuseri kwa galasi lodziyang'anira. Kuyambira tsiku limene fungo linayamba, m'mawa uliwonse asananyamuke, Fainess ankathira pang'ono kumsana kwa chikhakha, kuti anthu asanene kuti mwana wa Fainess akununkha. Sisitala Lena anafotokoza kuti paudala akakumana ndi thukuta amaumbika, amasunga chinyezi, ndipo khungu lonyowa silichedwa kubooka. Mikanda inayamba ntchito, paudala n'kuimaliza.

Fainess anakhala pansi pang'onopang'ono. Anafuna kunena kuti paudala si kanthu, ndi fumbi chabe. Koma iye anali munthu wodana ndi mlandu woweruzidwa mokondera, ngakhale wokondera iye mwini.

"Ndine," anatero.

"Anyani sasekana zikundu, alamu," a Maggie ananena mofatsa, osadzutsa mutu.

Kenson anatsokomola kuti abise chiseko. Akazi onse awiri anamuyang'ana, chifuwa n'kupola nthawi yomweyo.

Dokotala analowa akuyang'ana wotchi. Anaunika nayenso, n'kunena kuti adule kawindo kumsana kwa chikhakha kuti aone chilondacho ndi maso. Anatulutsa kasowo kamagetsi kolira ngati njuchi zokwiya. Akazi awiriwo anamuphimba Kudzai makutu, a Maggie mbali iyi, Fainess mbali inayo.

"Mwaona? Sowo," Kenson ananong'oneza mkazi wake.

"Mukapita ku sukulu imene anapita iyeyu mudzabwere mudzadule."

Kawindo katatseguka, onse anaweramira pamenepo. Chilonda chinali chaching'ono ngati chikhadabo, chofiira m'mbali koma chosazama. Dokotala anati chikanatha sabata ina bwenzi akunena zina. Anachitsuka, anaikapo mankhwala ndi kansalu, n'kubwezera kachidutswa ka pulasitala ndi bandeji. Kenako anatumiza mwana kukajambulidwa. Onse anadikira pabenchi, a Maggie akupinda ndi kufunyulula ngodya ya chitenje chawo. Chithunzicho dokotala anakachionera pakhomo la opaleshoni, n'kutumiza mawu kudzera mwa Sisitala Lena. Fupa lili mowongoka, layamba kulumikizana. Chikhakha sichichotsedwa.

Kenson anakhala pansi penipeni pa simenti, n'kusenda nthochi.

Sisitala Lena sanawalole kupita msanga. Anaimika akazi awiriwo mbali ziwiri za bedi, n'kuwauza kuti atembenuze mwana pamodzi, kuchoka chagada kupita chafufumimba, n'kubwereranso. Koyamba anakokerana. Kachiwiri anagundana mitu. Kachitatu manja awo anamvana, mwana n'kutembenuka ngati sakumva kanthu. Anawaonetsa kupisa thewera laling'ono m'mphepete mwa bowo la chikhakha, lalikulu n'kumanga kunja. Anati mwana akamamva kuyabwa azigogoda pachikhakha ndi zala kapena kumukupizira mphepo, osati kulowetsa kanthu, ngakhale kanthuko kachokere kwa agogo, ngakhale kanunkhire bwanji. Atamaliza anakweza mbale ya mikanda ija, n'kufunsa ngati ataye.

Fainess anatenga mkuziwo, anautsuka pampopi ndi sopo, anaupukuta, n'kuuzunguliza katatu pa dzanja la Kudzai. Anafunsa ngati pamenepo n'pololedwa. Sisitala Lena analowetsa chala pansi pa mikanda kuona ngati yathina, nati paliponse pamene maso akuona.

"Apa pakukhudza khungu, si choncho alamu?"

"Dzanja si chiuno," anatero a Maggie, akuyang'anitsitsa mfundoyo. "Koma magazi ake ndi amodzi."

Pobwerera mvula inali itakata. Panjira Kenson anafunsa kawiri kuti mawa mwana atsala ndi ndani. Fainess ananamizira kuti sakumva chifukwa cha magalimoto.

M'mawa mwake kutangocha Fainess anavala yunifolomu yake, anasintha mwana thewera, n'kutsegula chitseko. A Maggie, amene ankakhala nyumba yachitatu kuchokera pamenepo, anali ataima panja, manja ali m'juzi. Sanagogode ndipo sanalowe, chifukwa mawu a dzulo aja anali asanabwezedwe.

"Lowani, alamu. Dzulo ndinalankhula kwambiri."

"Mumalankhula kwambiri tsiku lililonse. Dzulo munangowonjezako zilankhulo."

Fainess anawaonetsa pamene anaika mabandeji ndi mankhwala. Anatembenuza mwana pamodzi, kamodzi, osagundana. A Maggie anatsina zala zakuphazi monga anachitira Sisitala Lena, ananunkhiza m'mphepete mwa chikhakha, kenako anapita kuseri kwa galasi n'kutulutsa kachitini kaja.

"Aka musasiye m'nyumba muno. Kapatseni madamu."

Fainess anakalandira n'kukaponya m'chikwama. Ali pakhomo anatembenuka, nati phala la mwana lili m'poto, ndipo supuni ikamaliza ntchito yake ibwerere m'mbale. Kenako anawasiyira kiyi m'manja, n'kukwera chitunda kupita kuntchito.